Chithunzi Chokongola cha ku Area 12

Zakia ankakonza mafoni ndi makina a magemu m'kashopu kakang'ono ka ku Old Town, kuseri kwa msewu wa Malangalanga, pakati pa telala ndi bambo wina wogulitsa matayala akale. Anthu obwera koyamba ankasuzumira mkati n'kufunsa kuti, "Abwana atuluka?" Iye ankangotambasula dzanja kuti amupatse chowonongekacho. Zoyankha mafunso otere anazisiya kalekale.

Kupatula ntchito, panali chinthu chimodzi chimene ankachichita ndi mtima wake wonse: gemu ya nkhondo ya pa intaneti, imene anthu amamenyana atatuatatu. M'gulu lake munali iyeyo, Nebert amene ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndi mnzawo wina amene anasamukira ku Mzuzu n'kukwatira. Mkazi atangolowa m'nyumba, makina anatuluka. Anatsala awiri, mpikisano wa magulu a m'mayiko oyandikana nafe utatsala milungu itatu. Komanso intaneti ya kunyumba kwa Zakia ku Area 4 inali ya bandulo ya pafoni, imene inkathawa mitambo ikangoyamba kusonkhana.

Ndi masiku amenewo pamene anatulukira a Paxton Chipulikano. Anaimika chigalimoto chawo pakhomo penipeni pa telala, moti makasitomala ake ankachita kulowa cham'mbali. Anali bambo wa zaka za m'ma 40, wonunkhira mafuta odula, wogwira ntchito mu ofesi ina ku City Centre. Malinga ndi mmene Zakia anadzaonera pambuyo pake, ntchito yaikulu ya ofesiyo inali kuchita misonkhano yokonzekera misonkhano ina.

"Ndamva kuti pano pali kamtsikana kodziwa za magemu," anatero atangolowa, moni osapereka.

"Palibe kamtsikana pano. Pali ine," anayankha Zakia, maso ali pa foni imene ankaimasula.

A Chipulikano anaseka ngati auzidwa nthabwala. Kenako maso awo anagwera pa sikirini ya Zakia imene inali pakona, yaing'ono, yothetheka kumtunda, mwendo wake womangidwa tepi.

"Asisi, mumasewerera pa kameneka? Ndimayesa ndi ka makamera a alonda."

"Kamagwira ntchito. Mwabwera ndi chiyani?"

Anafotokoza motalikitsa. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, kumene anagula makina a gemu atsopano, mtundu womwewo umene Zakia anali nawo koma wowonjezeredwa mphamvu. Wogulitsa anawauza kuti pa makina amenewa munthu amatha kuwerenga ndevu za msilikali wa mu gemu imodziimodzi. Ankafuna munthu woti akawalumikizire zonse, chifukwa iwo analibe nthawi yolimbana ndi mawaya.

Loweruka m'mawa Zakia anakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Area 12. Mlonda anamupanikiza ndi mafunso asanatsegule geti, mpaka kufuna kuona m'chikwama cha zipangizo. Mkati munali kapinga wobiriwira pakati pa mwezi wa Okutobala, mpope ukuzungulira wokha, wosamalira maluwa akumeta mpanda umene unali wometedwa kale. M'chipinda chochezera munali TV yotenga theka la khoma.

TV-yo Zakia sanachite nayo chidwi. Chimene chinamugwira mtima ndi kabokosi koyera ka pakona, ka intaneti ya faiba, pansi pake pali inveta ndi mabatire a sola. Atayesa liwiro la intanetiyo anayesanso kachiwiri, poganiza kuti foni yake ikunama. Sinkanama. Intaneti ngati imeneyo, m'nyumba ya munthu wosadziwa kuti waya uti ulowa pati.

Atamaliza kulumikiza, gemu inafunsa funso limene imafunsa aliyense: mukufuna chithunzi chokongola kapena liwiro?

"Apa musankhe," anatero Zakia. "Makinawa sangachite zonse ziwiri mokwanira. Mukasankha kukongola, amajambula chilichonse mwaluso, koma amakuonetsani zithunzi 30 zokha pa sekondi. Mukasankha liwiro, amachepetsa zokongoletsa n'kukupatsani zithunzi mpaka 120. Mukamasewera nokha, kukongola kulibe vuto. Koma pa intaneti mdani wanu ndi munthu, ndipo amene waona mnzake msanga ndi amene amatsala."

"Ndiye atsopanowa ndinagulira chiyani, ngati ndizionera zofanana ndi za pa kasikirini kanu kaja? Ikani kukongola. Zonse zikhale pamwamba."

Anaika. Ndipo kunena zoona, kwa kamphindi Zakia anaiwala kunyoza. Mu gemumo munkagwa mvula, ndipo m'zithaphwi za mumsewu munkaoneka nyali za nyumba zili chadodolido, zikunjenjemera dontho likagwa. Msewu umenewo anali atathamangamo kambirimbiri, koma sankadziwa kuti pakhoma lina pali maluwa ofiira olendewera. Anayang'ana mpaka eni nyumba anamupezerera akuyang'ana.

"Mwaona? Izi ndiye zinthu."

"Tatembenukirani kumanzere mwachangu," anatero Zakia, n'kuwapatsa padi yosewerera.

Anatembenuka. Chithunzi chinakoka mwendo pang'ono, ngati munthu woyenda m'matope. Zakia maso anamuwawa. A Chipulikano sanaone kanthu, anali akumwetulira chithaphwi.

Maganizo oti awatenge m'gulu anabwera ndi Nebert, Zakia atamuuza za intaneti ija.

"Iwe, taganiza bwino. Faiba, magetsi osathima, malo okwanira. Ifeyo tikusowa pokhala, iwowo akusowa osewera nawo."

"Munthu uja sadziwa kusewera. Amadziwa kugula."

"Ine ndaphunzitsapo oipa kuposa ameneyo. Mayi wina anagunda mtengo womwewo katatu, lero ali ndi laisensi."

Zakia anakana masiku awiri. Tsiku lachitatu kunagwa kamvula koyamba, netiweki inathawa ali pakati pa nkhondo, msilikali wake n'kungoima chilili anthu akumuwombera ngati chitini. Anaimbira Nebert kuti awauze bambo aja kuti zatheka.

Kuyambira pamenepo, akaweruka, awiriwo ankanyamula makina awo akale ndi timasikirini tawo m'galimoto yophunzitsira ya Nebert kupita ku Area 12. Ankakhala patebulo lodyera, eni nyumba ali pa sofa kutsogolo kwa chi-TV chawo. Manja a bamboyo sanali oipa kwenikweni, ndipo ichi n'chimene chinkamupweteka kwambiri Zakia. Ankaloza bwino, koma nthawi zonse mochedwa ndi kachigawo ka sekondi. Komanso ankaima. Zipolopolo zili kuuluka, iwo ankaima pakati pa bwalo.

"Taonani udzuwu mmene ukuweramira ndi mphepo."

"A Chipulikano, bisalani."

"Mpaka mthunzi wa tsamba lililonse ukuoneka. Aa, ndani wandiwombera?"

Akafa, mlandu unali wa netiweki, kapena wa padi, kapena wa Nebert amene sanawatchinjirize. Tsiku lina anafa kasanu ndi kawiri motsatizana, ndipo atamaliza anatenga foni n'kujambula dzuwa likulowa kuseri kwa phiri la mu gemu, kuti atumizire anzawo a ku ofesi. Zakia anawapempha kanayi kuti ayese liwiro ngakhale kamodzi kokha. Kachinayiko anamuyankha modekha, ngati akulangiza wantchito watsopano.

"Asisi, inu munazolowera zochepa, ndiye mukuona ngati zochepazo ndi nzeru. Si vuto lanu."

 Zakia anakonza mpango wake kumutu n'kuvala mahedifoni.

Tsiku la mpikisano, Loweruka masana, anapeza magalimoto asanu ataima pa kapinga. A Chipulikano anali ataitana anzawo a ku ofesi kuti adzaone. Panja ankawotcha nyama. Akazi awo, a Rachel, ankayendayenda ndi mbale, nkhope ikuonetseratu kuti phwandoli sanaliitane ndi iwo. Koma anamulandira Zakia mwaulemu, n'kumuuza kuti nkhuku anakaigula kwa Asilamu anzake ku Old Town, adye momasuka.

Eni nyumba ali panja kuonetsa alendo masola a padenga, Zakia anatsala yekha m'chipinda chochezera. Padi ya a Chipulikano inali pa sofa. Sanaganize nthawi yaitali. Analowa m'masetingi, anachotsa pa kukongola n'kuika pa liwiro, n'kuibwezera padiyo pomwe inali. Atatembenuka anapeza a Rachel ataima pakhomo la kukhitchini ndi mbale ya saladi. Mayiwo anayang'ana Zakia, anayang'ana TV, n'kupitiriza ulendo wawo.

Zakia anangonong'oneza Nebert zimene wachita, n'kukhala pamalo pake kudikira mkuntho. Zithaphwi zinali zitasanduka mawanga otuwa, mithunzi ya masamba itachepa. Munthu amene milungu iwiri yathunthu ankalalikira za udzu sakanalephera kuona kuti udzu wake wametedwa.

Sanaone.

Masewero oyamba anali ndi gulu la ku Lusaka. Pasanathe mphindi, a Chipulikano anatembenuka, anaona munthu pawindo, anawombera, munthuyo n'kugwa. Iwo eni anadabwa, mpaka anayang'ana padi m'manja mwawo. Anagwetsanso wina akudutsa pakati pa magalimoto awiri. Alendo anakweza mabotolo m'mwamba, ndipo gulu linapambana mosavuta.

Achiwiri anali anyamata a ku Harare, anthu ochenjera amene ankayenda limodzi osasiyana. Pa ndime yomaliza Nebert anagwa msanga. Zakia anagwetsa awiri, wachitatu n'kumupeza kumbuyo. Anatsala a Chipulikano okha ndi mdani mmodzi m'nyumba yamakwerero.

"Akubwera kumanja kwanu, musathamange," anatero Zakia motsitsa mawu.

Mdaniyo anatulukira ngati mphezi, koma bamboyo anamuona, ndipo chala chawo chinafika nthawi yake. Anapambana. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, Zakia anamva kachinthu kofanana ndi ulemu kakusuntha mumtima mwake. Sikanakhalitse.

Pa nthawi yopuma, semifainolo isanayambe, a Chipulikano anaimirira kutsogolo kwa TV, padi ili m'dzanja ngati maikolofoni.

"Anzanga, mwaona nokha. Anthu ena amati kukongola kwa chithunzi n'kungodzionetsera. Asisi awa akhala akundivutitsa kuti ndichepetse, ndizionera zachimbuuzi ngati za pa kasikirini kawo. Koma mdani uja wa pawindo ndinamuona bwanji? Chifukwa chithunzi changa n'choyera. Ine ndikangoyang'ana ndimadziwa kuti ichi n'chapamwamba. Kungoti maso oterewa si aliyense ali nawo."

Alendo anagwedeza mitu. Mmodzi, wa tayi ngakhale linali Loweruka, anayandikira TV n'kunena kuti zoonadi, zikungokhala ngati zenizeni. Zakia ankadya nkhuku yake mwakachetechete. Akanatha kukhala chete mpaka fainolo, ngakhale mpaka chaka chamawa. Cholakwa chake chinali kunong'oneza Nebert kuja. Mnyamatayo anali atamwa mabotolo awiri, ndipo kuseka kunamutulukira m'mphuno.

"N'chiyani chikukuseketsani?" anafunsa a Chipulikano.

"Palibe, bwana. Kungoti, tangoyang'anani m'masetingi."

Zakia anamuponda phazi pansi pa tebulo, koma mawu anali atatuluka kale. A Chipulikano analowa m'masetingi. Yankho linaonekera pa chi-TV chonsecho, zilembo zazikulu ngati chikhatho, moti ngakhale wowotcha nyama panja akanatha kuwerenga kuti makinawo anali pa liwiro.

 Bambo wa tayi uja anayamba kufufuza china chake m'foni mwake.

"Ndani wagwira makina anga?"

"Ndine," anatero Zakia.

"M'nyumba mwanga. Pa makina anga."

"Ndalakwa kugwira osapempha, ndavomera. Koma mwasewera maola awiri osaona kusiyana, ndipo mwapambana kawiri."

Kukhitchini a Rachel anatsokomola, chifuwa chake chomveka ngati kuseka kobisa.

Munthu wina akanaseka nawo, n'kunena kuti mwandigwira, tiyeni tikapambane. A Chipulikano anabwezera pa kukongola pamaso pa onse, mwapang'onopang'ono kuti aliyense aone.

"Ndikuonetsani kuti ndi manja, osati masetingi."

"Bwana, tatsala ndi masewero awiri okha," anadandaula Nebert, mowa utamuthera m'mutu. "Mudzasinthe mawa."

"Khalani pansi tiyambe."

Semifainolo, yolimbana ndi gulu la ku Nairobi, inatha mphindi zisanu ndi zinayi. Koyamba a Chipulikano anafa asanaone n'komwe wowawombera. Kachiwiri anawombera pamene munthu anali, osati pamene ali. Kachitatu anayamba kuthamanga mwachisawawa, akudina mabatani onse. Zakia anamenya nkhondo ya anthu awiri, thukuta likutsika m'khosi, koma awiri sangalimbane ndi atatu oona msanga. Zitatha, pa TV panatsala msilikali wa a Chipulikano ali chafufumimba m'chithaphwi, mitambo ikuoneka bwinobwino m'madzimo pafupi ndi mutu wake.

"Netiweki yagwedezeka," anatero.

Zakia, amene makina ake anali pa netiweki yomweyo, anakulunga mawaya ake mmodzimmodzi. Anathokoza a Rachel chifukwa cha chakudya, n'kutuluka. M'galimoto sanamulankhule Nebert mpaka atafika ku City Centre, pamene anamuuza kuti pakamwa pake pakufunika mabuleki kuposa galimoto yakeyo. Nebert anapepesa njira yonse mpaka ku Area 4.

Ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma Lachinayi lotsatira, ali pakati pomata sikirini ya foni ya kasitomala, foni yake inalira.

"Asisi, makina aja munawaononga."

"Akutani?"

"Chithunzi chikudumphadumpha. Ndikatembenuka chikukoka, mpaka mutu ukundipweteka. Kale sichinkatero. Zayamba tsiku lomwe munagwira lija. Mubwere mudzakonze zimene munasokoneza."

Anapita masana omwewo, makamaka chifukwa chofuna kudzionera yekha. Anayang'ana waya, anayang'ana TV, anagwira makina kuti amve ngati akutentha. Anasewera mphindi zingapo. Zonse zinali ndendende mmene zinalili tsiku loyamba.

"Palibe chawonongeka. Chinkatero kuyambira kale. Kungoti maso anu analawa zithunzi 120, ndiye 30 sakuzifunanso."

"Zosatheka. Makinawa ndi apamwamba kuposa onse."

"Ndi apamwamba ndithu. Koma ali ndi polekezera."

"Ndikufuna zonse ziwiri."

"Pali njira ya pakati. Amachotsa pang'ono uku, n'kuwonjezera pang'ono uko. Koma zonse zodzaza, ayi."

"Ine za pakati sindichita."

Anayamba kuyenda uku ndi uku m'chipindamo. Anati alembera kalata sitolo ya ku Joni ija. Anati mwina anawagulitsa makina achinyengo. Anati wamva kuti kukubwera ena amphamvu kuposa awa, ndipo adzakhala oyamba kugula mu Lilongwe muno. Zakia anangokhala m'mphepete mwa sofa, chikwama cha zipangizo chili pamwendo, chosatsegula n'komwe. Pomaliza bamboyo anaima pawindo, atamufulatira.

"Tachitani chilichonse chimene mumachita anthu okonzanu. Ine ndikukamwa madzi."

M'nyumbamo munali wantchito woti akanawabweretsera madziwo. Anapita okha, ndipo anatenga nthawi yokwanira kukatunga kumjigo. Zakia anatenga padi, anadina kawiri, n'kuika pa liwiro.

Atabwerera anakhala pansi osamuyang'ana. Anatembenuza msilikali wawo kumanzere, kenako kumanja, kenako kuzungulira. Chithunzi chinayenda mosalala, osakoka ngakhale pang'ono. Mapewa awo anatsika.

"Eya. Tsopano mwakonza. Vuto linali chiyani?"

Zakia anawayang'ana. Iwo maso anali pa TV, osaphethira. M'masetingi sanalowemo, ndipo zinkaoneka kuti sadzalowamonso.

"Fumbi," anatero.

"Ndinadziwa. Fumbi la mumzinda muno n'loipa kwambiri." Anazungulitsanso msilikali uja. "Mpikisano wina uliko liti?"

"Mwezi wamawa. Koma munthu wachitatu tinamupeza kale."

"Oo. Chabwino. Inenso mwezi wamawa ndatanganidwa."

Zoona zake, Zakia anali asanapeze aliyense. Anatuluka pageti n'kuyenda wapansi pansi pa mitengo mpaka kumsewu waukulu, akuganizira anthu amene anawaonapo akusewera. Anakumbukira Efelo, namwino wina amene anabweretsapo padi yothyoka batani kushopu, itakonzedwa n'kuiyesa pomwepo ali chiimire, n'kugwetsa anthu atatu asanainyamule. Nambala yake inali m'foni. Anaimba ali kudikira minibasi.

"Efelo, ndi Zakia wa kumafoni. Loweruka likubwerali uli pa ntchito?"

"Ayi, ndikupuma. Kwagwanji?"

"Ubwere kushopu ndi makina ako. Pali zoti tikambirane."